Pute si wotsekera mipata, n'chifukwa chake pikapu zanu zikuwolanso

Mvula ya chaka chino yaulula zambiri pa mapikapu omwe anakonzedwa bodi m'chilimwe. Ma Hilux akale aja, ma Nissan 1400, ma Isuzu KB, omwe mu Okutobala amawala atangochoka kwa apanelo bita, pano penti yatupa matuza mzere umodzi, ndipo mukayang'anitsitsa mzerewo ukutsata ndendende pomwe anawotcherera chigamba. Mukadina ndi chala pakutuluka timadzi tofiira. Dzimbiri limenelo silinabwere kuchokera kunja ayi, layambira mkati mwa msoko, ndipo paliponse ndaima kufunsa yankho likumakhala lomwelo, mpata wotsala pakati pa lata lakale ndi latsopano anautseka ndi pute, phala lija amamata pa bodi asanapake penti.

Amisiri ambiri sawotcherera msoko wonse. Lata la bodi ndi lopyapyala, malo ambiri milimita imodzi kapena kucheperapo, ukalitentha kwambiri limapindika, ndiye amangodontheza apa ndi apo. Pamenepo ndilibe nawo mlandu. Nkhani ili pa zomwe amachita akazimitsa gasi. Amakanda pute wambiri, kumupanikiza m'mipata muja, sandipepa, penti, basi galimoto yatha bwana. Abale, pute ntchito yake ndi kusalaza pomwe lata lapindika pang'ono, ndipo amayenera kukhala wopyapyala, osapitirira mamilimita atatu. Mkati mwake muli ufa wa talc, amamwa madzi ngati chinkhupule. Kutsogolo mwamuphimba ndi penti inde, koma kuseri kwa lata, komwe tayala limawaza matope tsiku ndi tsiku, ali pambalambanda, ndipo moto wa gasi uja unapsereza kale penti yonse yozungulira msoko, chitsulo chili chosavala. Ndiye pute uja amangosunga chinyontho pa chitsulo usana ndi usiku ngakhale kunja kutawala dzuwa.

Komanso pute akauma amalimba gwa, satamuka. Pikapu yosenza matumba 20 pa msewu wa mabampu bodi yake imapotoka nthawi zonse, inu simuona koma imapotoka, ndiye msoko ukasuntha pute amachita timing'alu tosaoneka ndi maso, madzi n'kulowa. Tsono onjezanipo zomwe ife timanyamula. Yuleya ndi CAN amakoka chinyezi ndipo amadya chitsulo koopsa, timibulu tikatayika m'bodi timakathera m'misoko momwemo. Manyowa a nkhuku chimodzimodzi. Anzathu a ku Salima ndi Mangochi onyamula nsomba ndi madzi oundana musachite kunena, pansi pa bodi sipauma.

Bambo wina wolima chakuno ku Mitundu anandikokera pambali sabata ija kuti ndione Hilux yake, iye amadandaula za penti, amati amisiri anamugwiritsa penti yotchipa ndipo amafuna akapoperetsenso. Ananyamula chimanga chogulitsa mvula ikugwa, pamwamba anafunditsa tenti bwinobwino koma pofika matumba apansi cha pa madigadi anali atanyowa, masiku ochepa chuku chagwira, anagulitsa motaya kwa oweta nkhumba. Madziwo amachokera pansi, tayala limawapopera kudzera pa msoko. Pofuna kundionetsa kuti bodi ndi yolimba anamenya ndi chibakera pa madigadi paja, ndiye chibuma cha pute chachikulu kuposa chikhatho chinagwa pansi, kuseri kwake kutamatirira nyuzipepa yonyowa. Nyuzipepa! Anayang'ana, ine ndinayang'ana, panalibe woyankhula. Koma mpaka ndikuchoka amafunsabe za mtundu wa penti wabwino.

Chomwe chimanditopetsa ndi choti mukawauza amisiri amati akhala akuchita choncho kuyambira kale ndipo palibe anabweza galimoto. Abweza bwanji poti dzimbiri limatulukira patatha miyezi, mwini wake amangoti galimoto yakalamba. Ena amaika nsanza, ena sefa ya pawindo, ena ayamba kugula silikoni wa m'bafa uja wonunkha viniga, amene ndi woipa kuposa pute chifukwa fungo limenelo ndi asidi, amadyetsa chitsulo ndipo penti simugwira n'komwe. Nanunso eni galimoto muli ndi gawo lanu, mumakakamiza kuti ituluke Lachisanu kuti mukapite nayo ku COF, kokayeza ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, kapena mukatenge feteleza, mukanenerera mtengo mpaka mmisiri alibe pogulira zoyenera, ndiye mumati atani.

Tawerengani ndalama zake. Chigamba choyamba munalipira lata, gasi, pute, penti ndi mmisiri. Chaka chamawa mulipiranso zonsezo, koma bowo likhala litakula chifukwa dzimbiri ladya lata latsopano ndi lakale lomwe, ndipo galimoto ikhala pa galaja nthawi yomwe imayenera kututa kapena kutengera mabelo ku Kanengo. Likafika pomwe bodi imamangidwira ku chasisi ndiye ndi nkhani ina, simukukambanso za chigamba. Kutsogolo komwe mumakhala, madzi akalowa pansi pa kapeti mawaya amayamba kuvuta, fumbi limadzaza, ndipo choopsa kwambiri ndi utsi wa ekizozi wolowera m'mipata ya pansi. Mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo, dalaivala amangomva mutu ndi tulo, mawindo atatseka chifukwa cha mvula, ana ali pambali. Zonsezi pothawa chubu cha sila, mankhwala omatira misoko kuti madzi asalowe, chomwe mtengo wake sufika n'komwe pa thumba limodzi la feteleza.

Zochita zake si zambiri. Akamaliza kuwotcherera apale msoko ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chiwale, mbali zonse ziwiri, kuseri makamaka, apukute ndi thina. Apake pulayima, ya epoxy ndiye yabwino, ikasowa red oxide ndi bola kusiyana ndi kusiya chitsulo chosavala, iume. Kenako sila ya polyurethane, m'mashopu a zipangizo za galimoto funsani seam sealer kapena Sikaflex, muwerenge pa chubu kuti penti imagwira. Aipanikize ilowe mkati mwa mpata ndi chala chovala pulasitiki, osangoyala pamwamba, kutsogolo ndi kuseri komwe. Imeneyi ikauma imakhala ngati labala, bodi ikapotoka nayo imatamuka. Imauma pang'onopang'ono, mamilimita atatu pa tsiku kapena apo, ndiye za Lachisanu zija muiwale. Mpata woti chala chaching'ono chikulowa si wa sila, abwerere ku gasi aike kachigamba kena ka lata. Pute abwere pomaliza, wochepa, kunja kokha kosalaza, ndipo pansi pa madigadi apake phula la underseal. Timabowo ta pansi pa zitseko musalole atseke, ndi totulutsira madzi, tikatsekeka ndi matope tokosani ndi waya. Mukatsitsa feteleza tsukani bodi tsiku lomwelo.