Kakonzedwe ka mpikisano wa uta ndi mivi wokhala ndi mphoto za ndalama

Anthu akamalasa chandamale pongofuna kusangalala, muvi umene wagwera pamalire a bwalo la mapointi 9 ndi la mapointi 10 sukhala nkhani. Wina amati ndi 10, mnzake n'kuvomera, onse n'kuzula mivi yawo akucheza. Pakangolowa ndalama, muvi womwewo umasanduka mlandu, chifukwa pointi imodzi imatha kulekanitsa munthu wopita kwawo ndi envulopu ndi munthu wopita chimanjamanja. Pa masewera a Olympics a mu 2024 ku Paris, Kim Woo-jin wa ku South Korea ndi Brady Ellison wa ku United States anafanana mphamvu mpaka kumapeto, ndipo mendulo ya golide inagamulidwa ndi muvi umodzi wa aliyense. Mivi yonse iwiri inalasa 10, koma wa Kim unayandikira pakatikati kuposa wa Ellison ndi mamilimita osakwana asanu. Wokonza mpikisano ayenera kuyamba ndi maganizo akuti tsiku lake likhoza kuthera pomwepo, ndipo akonze zonse mwa njira yoti amene wagonja ndi kampata kotere achoke pabwalo akuvomereza kuti sanaberedwe.

Yambani ndi ndalama, ndipo musalengeze mphoto imene simunaigwire m'manja. Gwero la mphoto limakhala pawiri: ndalama zolembetsera zimene olasa amapereka, ndi thandizo la makampani kapena anthu akufuna kwabwino. Lonjezo la wothandiza likhale lolembedwa ndi kusainidwa, ndipo ndalamayo ilowe mu akaunti ya kalabu tsiku la mpikisano lisanafike, chifukwa palibe chimene chimaphetsa mpikisano msanga kuposa kuuza wopambana kuti adikire sabata yamawa. Ngati mukudalira ndalama zolembetsera zokha, nenani poyera kuti mphoto idzakhala gawo lakutilakuti la zonse zimene zasonkhanitsidwa. Mwachitsanzo, olasa 40 atapereka K20,000 aliyense mupeza K800,000, ndipo mukachotsapo K300,000 ya bwalo, mapepala a chandamale, madzi akumwa ndi chithokozo cha oweruza, yotsala ya mphoto ndi K500,000. Mungathe kupereka theka kwa woyamba, K150,000 kwa wachiwiri ndi K100,000 kwa wachitatu. Ine sindigwirizana ndi njira yopatsa woyamba yekha zonse, makamaka kumene masewerawa adakali aang'ono, chifukwa katswiri amadziwika kale ndipo enawo amaona kuti angobwera kudzamusonkhera.

Pali njira ina yogawira mphoto imene ndi yoyenera kuiganizira. Ku mpikisano waukulu wa m'nyumba wa The Vegas Shoot, umene umachitika chaka ndi chaka ku Las Vegas pansi pa bungwe la National Field Archery Association, munthu amaponya mivi 90 pa masiku atatu, ndipo wolasa bwino kotheratu amapeza mapointi 900. Kupatula gulu la akatswiri, olasa ena ambiri amagawidwa m'timagulu malinga ndi mapointi amene apeza pa masiku awiri oyambirira, ndipo kagulu kalikonse kamakhala ndi mphoto zake. Zotsatira zake n'zakuti ngakhale munthu wa luso lapakatikati amafika tsiku lomaliza ali ndi chomenyera. Njirayi ili ndi vuto lake, poti wochenjera akhoza kulasa mwaulesi dala poyamba kuti agwere m'kagulu kofooka. Mankhwala ake ndi kuika mphoto yaikulu kwambiri m'kagulu kapamwamba, ndiponso kusaulula pamene malire a timaguluto adzagwere mpaka mapointi onse atawerengedwa.

Mukathana ndi za ndalama, lembani malamulo a mpikisano papepala limodzi kapena awiri, ndipo aliyense wolembetsa alandire. Simufunika kupeka malamulo anuanu. Bungwe la World Archery, limene linakhazikitsidwa mu 1931 ndipo likulu lake lili ku Lausanne, lili ndi buku la malamulo limene limapezeka pa intaneti, ndipo chanzeru ndi kunena kuti mutsatira limenelo, n'kutchula momveka malo ochepa amene mwasintha. Dziwitsaninso bungwe loyendetsa masewerawa m'dziko lanu, chifukwa ndiko mungapeze oweruza ophunzitsidwa.

Mauta salingana, choncho musawaike m'gulu limodzi pamene pali ndalama. Uta wa recurve, wa nsonga zopindikira kutsogolo, umene Areneo David wa kuno ku Malawi anaponyera pa Olympics za ku Rio mu 2016 ndi za ku Tokyo, umalasidwa pa mtunda wa mamita 70 pa chandamale cha masentimita 122 m'mimba mwake, ndipo bwalo la 10 limakhala la masentimita 12.2 okha. Uta wa compound, wokhala ndi timawilo kumapeto timene timachepetsa mphamvu yogwirira nsinga munthu akakoka, umalasidwa pa mamita 50 pa chandamale cha masentimita 80. Wa barebow, umene ulibe chida choloza nacho, umalasidwa pa mamita 50 pa chandamale chachikulu chija. M'nyumba mtunda wake ndi mamita 18, chandamale cha masentimita 40, mivi 60. Kwa okonza koyamba, mpikisano wa mamita 18 ndi umene ndingawalangize, chifukwa umakwana mu holo yasukulu, mphepo siulowerera, ndipo oonerera amaona bwino pamene muvi wagwera. Amuna ndi akazi akhale ndi magulu awoawo ndi mphoto zofanana, ndipo nenani pasadakhale kuti gulu likachepa anthu, mwina osakwana anayi, lidzaphatikizidwa ndi liti. Kwa ana ndi bwino kupereka mivi, phodo kapena nsinga m'malo mwa ndalama, poti zipangizo zimenezi zimachokera kunja ndipo ndi zimene zimawasowa.

Ngati mpikisano uli wa panja, sankhani bwalo losalala limene kuseri kwa zandamale kuli malo opanda anthu a mamita osachepera 50, kapena chitunda chotchinga mivi yophonya. Yang'anitsitsani tinjira tachidule timene anthu amadutsamo popita kumsika kapena kumjigo, chifukwa chingwe chokha sichiletsa munthu amene wakhala akudutsa pamenepo zaka zonse. Ikanipo munthu woima tsiku lonse. Kuno kum'mwera kwa dziko lapansi dzuwa limapendekera kumpoto kwa miyezi yambiri, makamaka m'nyengo yozizira, motero olasa ayang'ane kum'mwera kuti lisawathobwe m'maso. Mtunda uyezedwe ndi tepi pa chandamale chilichonse, oimira olasa akuona. Pakatikati pa chandamale pakhale masentimita 130 kuchokera pansi, chipendekeke pang'ono chagada, ndipo chimangidwe ndi zingwe ndi zikhomo, chifukwa mphepo ya mwera ikachigwetsa chili ndi mivi, mivi ya ndalama zambiri imathyoka ndipo mapointi amatayika. Pamwamba pake ikanipo kambendera kakang'ono kosonyeza kumene mphepo ikulowera. Kumbuyo kwa mzere woponyera jambulani mzere wodikirira, ndipo oonerera akhale kumbuyo kwa umenewo.

M'mawa wa tsikulo, muvi usanaponyedwe, oweruza ayendere zida za aliyense. Uta wa compound usapitirire mphamvu ya mapaundi 60 pokoka, ndipo payenera kukhala sikelo yoyezera. Muvi usanenepe kuposa mamilimita 9.3, chifukwa muvi wonenepa umakhudza mizere mosavuta. Mivi yonse ya munthu mmodzi ikhale yofanana ndipo ilembedwe dzina lake kapena zilembo zoyamba za dzinalo. Wolasa amene amakoka uta ataulozetsa kumwamba achenjezedwe nthawi yomweyo, popeza muvi ukapulumuka pamenepo umapita kutali kuposa malire onse amene mwaika.

Bwalo lonse limvere munthu mmodzi yekha wokhala ndi wezulo. Akaimba kawiri, olasa apite pamzere. Kamodzi, ayambe kuponya. Katatu, aleke ndipo apite kukawerenga ndi kuzula mivi. Akaimba kasanu kapena kupitirira apo ndiye kuti pali ngozi, ndipo aliyense atsitse uta ngakhale anali atakoka kale. Kwa zaka zambiri muvi uliwonse unkapatsidwa masekondi 40, kutanthauza mphindi zinayi pa mivi isanu ndi umodzi, koma mipikisano ikuluikulu ya padziko lonse tsopano imapereka masekondi 30. Sankhani chimodzi, chilembeni m'malamulo anu, ndipo wotchi ikhale poonekera. Woponya nthawi itatha amataya muvi wake wa mapointi ambiri pa ulendo umenewo.

Kuwerenga mapointi ndiko kumene mpikisano wa ndalama umaimira kapena kugwera, ndipo m'pofunika kukonzekera kwambiri kuposa china chilichonse. Mitundu ya chandamale ndi isanu: chikasu ndi 10 ndi 9, chofiira 8 ndi 7, chobiriwira ngati mtambo 6 ndi 5, chakuda 4 ndi 3, choyera 2 ndi 1. Mkati mwa 10 muli kabwalo kena kakang'ono kamene kamalembedwa X. Pa chandamale chimodzi pakhale olasa atatu kapena anayi, ndipo a kalabu imodzi kapena a pachibale asakhale okhaokha pamodzi. Akafika pachandamale, mwini mivi amaloza ndi chala popanda kukhudza, n'kutchula mapointi ake kuyambira aakulu, anzake akuyang'ana, pamene anthu awiri akulemba pa mapepala awiri osiyana. Lamulo loti munthu asakhudze muvi kapena pepala la chandamale mapointi onse asanalembedwe lisanyengereredwe mpang'ono pomwe. Chala chikangotsamira muvi umene unali pafupi ndi mzere, pepala limang'ambika pang'ono ndipo choonadi chake sichingapezekenso.

Muvi umene wakhudza mzere umalandira mapointi aakulu a mbali ziwirizo. Olasa akasiyana maganizo aitane woweruza, amene amawerama ndi galasi lokulitsa zinthu, n'kuyang'ana muviwo mbali zonse ziwiri osaugwira, ndipo chimene wanena chimakhala chomaliza. Cholakwika cha papepala chikonzedwe mivi isanazulidwe, ndipo onse a pa chandamalecho asainire pambali pake. Mukatha kulemba, ikani kachizindikiro ndi cholembera pa bowo lililonse, kuti muvi wina ukadzagunda n'kugwa pansi, kapena kuboola n'kutulukira kuseri, woweruza adzathe kupeza bowo latsopano. Pepala la chandamale likabooka kwambiri mpaka mizere kusaoneka, lisinthidwe, choncho gulani mapepala ochuluka kuposa amene mukuganiza kuti mufuna. Mapointi apachikidwe pabolodi pakati pa mpikisano, osati pamapeto pokha, kuti wolakwiridwa adandaule nthawi ikadalipo. Pulogalamu ya pa kompyuta ya Ianseo, imene mipikisano yambiri imagwiritsa ntchito, imathandiza kuphatikiza ndi kusanja mayina, koma mapepala osainidwa aja asungidwe ndithu.

Ndime yoyamba ya mpikisano wa panja imakhala ya mivi 72, ndipo mapointi okwanira ndi 720. Imeneyi imasanja olasa kuti woyamba akumane ndi womaliza mu ndime ya chipulula, mmene wogonja amatuluka. Pa recurve, awiriwo amaponya mivi itatuitatu. Wopeza zambiri pa mivi itatuyo amalandira mapointi awiri, akafanana aliyense amatenga imodzi, ndipo woyamba kufika pa 6 wapambana. Pa compound amangophatikiza mivi 15. Akafanana mpaka kumapeto, aliyense amaponya muvi umodzi, ndipo woyandikira pakatikati ndiye wapambana, motero woweruza akhale ndi chida choyezera timipata ting'onoting'ono. Anthu akafanana mapointi mu ndime yoyamba ija pa mpikisano wa panja, amawerenga ma 10 ndi ma X a aliyense kuti awalekanitse. Pamene kufananako kukukhudza ndalama, ine ndimakonda kuti agamule ndi muvi pamaso pa onse, ndipo musalole kuti awiriwo apangane kumbali zogawana mphoto, chifukwa oonerera ndi othandiza anabwera kudzaona mpikisano weniweni.

Sankhani anthu atatu omva madandaulo amene sakupikisana nawo ndipo alibe wachibale pamzere. Dandaulo likhale lolembedwa, liperekedwe pa nthawi imene mwaika, limodzi ndi kandalama kochepa kamene kamabwezedwa ngati wodandaulayo wapezeka kuti akunena zoona. Wokonza mpikisano ndi wosunga ndalama asapikisane nawo pa mphoto, ngakhale atakhala akatswiri chotani.

Mphoto iperekedwe tsiku lomwelo, nthawi ya madandaulo itangotha. Funsiranitu ku ofesi ya msonkho ngati pali gawo loyenera kudulidwa pa mphoto yotere, kuti chimene mwalengeza chifanane ndi chimene munthu alandire. Kusunga ndalama zambiri pabwalo n'koika moyo wa msungichuma pachiswe, choncho ndi bwino kutumiza kudzera kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo ndalama yotumizira ndi yotapira ikhale ya okonza. Wopambana aonetse uthenga wa pafoni wotsimikiza kuti ndalama yalowa, asainire pa fomu yokhala ndi dzina lake, gulu lake ndi kuchuluka kwa mphoto, ndipo pasanathe sabata tumizani kwa olasa onse ndi kwa othandiza tsamba limodzi losonyeza mapointi a aliyense, ndalama zimene zinalowa ndi mmene zinagwirira ntchito.