Momwe mungapezere luso ndi satifiketi ya zomangamanga mothandizidwa ndi boma

Paliponse pomwe akumanga simulephera kupeza mnyamata yemwe wakhala akukanda simenti ndi kukankha wilibala zaka zinayi kapena zisanu. Kuyala njerwa amatha, mwina kuposa amene akumutumayo, koma likafika tsiku lolandira, dzina lake limapezeka pamzere wa othandizira. Chomwe chikumutsekereza ndi pepala basi. Zimandiwawa chifukwa njira yopezera pepalalo ilipo, ndipo gawo la ndalama zake linasonkhedwa kale. Olemba anthu ntchito m'Malawi muno amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuthumba la maphunziro a ntchito zamanja, ndipo bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999, ndilo limayang'anira maphunzirowa.

Gawo loyamba: sankhani luso limodzi

Zomangamanga si kuyala njerwa kokha. Muli ukalipentala, upulambala, kuika magetsi m'nyumba, kupenta, ndi kuwotcherera zitsulo. Musanalembe fomu iliyonse, pemphani mmisiri wa luso lomwe mukulifunalo kuti mumuperekeze kuntchito kwa sabata imodzi. Ngati miyendo ikunjenjemera mukakwera padenga, ndi bwino muzidziwe pano, osati mutalipira kale fizi. Atsikana, musadzichotse nokha. Ntchitoyi imafuna diso ndi masamu kuposa minofu.

Gawo lachiwiri: dziwani khomo lanu

Makomo alipo atatu, ndipo ambiri amataya chaka chifukwa chogogoda polakwika.

Ngati muli ndi MSCE, yang'anani sukulu zikuluzikulu za ntchito zamanja: Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia. TEVETA imalengeza m'nyuzipepala, pawailesi ndi pa intaneti ikafuna ophunzira atsopano, ndipo osankhidwa mwanjira imeneyi amalipira fizi yochepa chifukwa gawo lina amawalipirira. Sukuluzi zimalandiranso ophunzira odzilipirira okha, choncho funsitsani kuti malo omwe mwapatsidwawo ndi amtundu uti.

Khomo lachiwiri ndi sukulu za m'madera, zomwe amazitcha community technical college, zomwe boma linayamba kutsegula mu 2015. Ubwino wake ndi woti mumaphunzira kufupi ndi kwanu.

Lachitatu ndi la mnyamata wa wilibala uja. Ngati luso munalitola pantchito, funsani kuofesi ya TEVETA ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu za ndondomeko yotchedwa Recognition of Prior Learning. Pamenepa sakubwezerani m'kalasi kukayamba poyambira. Amakuyesani pa zomwe manja anu akudziwa kale, mukakhoza nkukupatsani satifiketi. Amisiri ambiri achikulire sanamvepo za mwayi umenewu, ndiye ngati bambo anu kapena malume anu ndi mmodzi mwa iwo, auzeni.

Gawo lachitatu: konzani mapepala nthawi isanakwane

Chiphaso cha unzika, satifiketi ya sukulu ndi mafotokope ake zikhale mu envelopu imodzi chilengezo chisanatuluke. Chikatuluka, werengani mzere uliwonse chifukwa luso lililonse lili ndi maphunziro ake omwe amafuna kuti munakhoza. Ngati fizi ikuvuta, funsani za thandizo la ophunzira osowa tsiku lomwelo lolembetsa. Munthu wokuuzani kuti mumupatse kenakake akupezereni malo, mtalikireni. Ndipo ngati mwasankha sukulu yomwe si yaboma, tsimikizani kaye kuti inalembetsedwa ku TEVETA, kuopa kuthera zaka pa pepala lomwe palibe adzalilandire.

Gawo lachinayi: atachimenti musaitenge ngati tchuthi

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Maphunzirowa amagawidwa pawiri, nthawi ina m'kalasi, nthawi ina kuntchito yeniyeni pansi pa mmisiri, komwe ndi kuatachimenti. Ndaonapo ophunzira akufika pamalo omangira mochedwa, manja ali m'thumba, kudikira kuti wina awasainire buku. Amabwerera kusukulu ndi siginecha, m'manja mulibe kanthu.

Inu chitani izi. Tsiku loyeza maziko musajombe, chifukwa nyumba imakhota kapena kuwongoka tsiku limenelo. Onetsetsani mmene folomani akupezera ngodya: akhoma chikhomo, akoka chingwe mbali ziwiri, ayeza mamita 3 mbali imodzi, mamita 4 mbali inayo, kenaka ayeza pakati pa nsonga ziwirizo. Pakakwana mamita 5 ndendende, ngodya ili bwino. Pakaperewera ngakhale pang'ono, asuntha chingwe nkuyezanso. Pemphani kuti tepiyo muigwire nokha. Funsani chifukwa chake konkire ya lintala (mtanda wa pamwamba pa zitseko ndi mawindo) imafuna simenti yambiri kuposa matope oyalira njerwa, ndi chifukwa chake konkire amaithirira madzi masiku osachepera 7 m'malo moisiya iume ndi dzuwa. Phunzirani kuwerenga pulani ngakhale palibe wakukakamizani, pakuti wodziwa pulani ndiye amadzakhala kapitawo.

Limbikiraninso mabuloko. Kuchokera mu 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga zaboma ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo. Wozolowera njerwa zootcha zokha adzavutika pantchito zikuluzikulu, chifukwa buloko kulemera kwake ndi kayalidwe kake nzosiyana.

Chilichonse chomwe mwagwira lembani m'buku lanu, ndipo jambulani pafoni khoma kapena denga lomwe mwamaliza. Chipewa ndi nsapato zodzitetezera musazichite manyazi.

Gawo lachisanu: kwerani makwerero, gulani zida

Satifiketi za maphunzirowa zili m'magawo, ndipo gawo loyamba ndi poyambira chabe. Ndalama za maganyu zikayamba kulowa, ambiri sabwereranso kusukulu, nkudzazindikira mochedwa kuti makampani akufuna gawo lapamwamba. Malizani. Pa ndalama iliyonse yomwe mwalandira, patulani ya chida chimodzi: lero tepi, mwezi wamawa levulo, kenaka mpeni womangira. Mmisiri wobwereka zida sakhala ndi mawu pokambirana malipiro.

Gawo lomaliza: lembetsani ngati mukufuna kuima panokha

Ntchito ilipo. Namondwe Freddy yekha mu 2023 anagwetsa nyumba, milatho ndi sukulu zambiri kuchigawo chakummwera, ndipo kumanganso kumafuna anthu odziwa. Koma ntchito zaboma sizipita kwa munthu wongodziwika ndi dzina. Lembetsani bizinesi yanu kuofesi yaboma yolembetsa mabizinesi, tengani nambala ya msonkho ku MRA, kenaka pitani kubungwe loyang'anira makontrakitala lomwe ambiri amalidziwa kuti NCIC. Kumeneko amaika makontrakitala m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito zomwe angakwanitse. Yambani ndi gulu laling'ono, ndipo ntchito iliyonse mukaimaliza pemphani mwini wake kalata yaumboni, chifukwa makalata amenewo ndiwo mudzaonetse pofuna kukwera gulu lotsatira.