Momwe mungaikire Jenkins pa Ubuntu n'kuiyatsa

Jenkins ndi pulogalamu yokhala pa seva imene imatenga khodi yatsopano ku Git (pulogalamu yosungira khodi ndi mbiri ya kusintha kwake), kuimanga ndi kuiyesa popanda munthu kuigwira. Inatuluka mu 2011 kuchokera ku pulogalamu ina yotchedwa Hudson, ndipo imayendera Java. Mavuto ambiri a tsiku loyamba amachokera ku Java yomweyo, choncho tiyambira pamenepo.

Jenkins ikhoza kudzuka ndi RAM ya 256 MB, koma ngati anthu angapo aziigwiritsa ntchito, ipatseni 4 GB ya RAM ndi malo a 50 GB pa disk, chifukwa mafayilo a build (ntchito yomanga khodi ija) amadzaza msanga.

Tsegulani terminal mulembe:

sudo apt update
sudo apt install fontconfig openjdk-21-jre
java -version

Lamulo lachitatulo musalidumphe. Likaonetsa 21, zili bwino. Likaonetsa 8 kapena 11, ndiye kuti pakompyutapo panali kale Java yakale ndipo ndi imene ikugwira ntchito. Jenkins yamakono ikaona Java yotere imangozima. Sinthani ndi sudo update-alternatives --config java, musankhe nambala ya 21.

Kenako onjezani repository ya Jenkins (malo amene apt imakatengako pulogalamuyi) ndi kiyi yake yotsimikizira. Malamulo ake muwakopere pa jenkins.io, pagawo la Debian/Ubuntu, ndipo sankhani LTS, yomwe sisinthasintha ngati ya sabata ndi sabata. Musakopere pa tsamba lakale lililonse, chifukwa kiyiyo imasinthidwa pakapita zaka, ndipo yakale imachititsa apt kukana ndi uthenga wa NO_PUBKEY. Mukatero:

sudo apt update
sudo apt install jenkins
sudo systemctl enable --now jenkins
sudo systemctl status jenkins

Mukufuna muone mawu obiriwira akuti active (running). Mukaona failed, musathamangire kuichotsa n'kuikanso. Lembani journalctl -u jenkins muwerenge mizere yomaliza. Kawirikawiri mupeza nkhani ya Java kapena mawu akuti Address already in use, kutanthauza kuti port 8080, khomo limene Jenkins imagwiritsa ntchito, inatengedwa kale, nthawi zambiri ndi pulogalamu ina ya seva yotchedwa Tomcat. Muone amene waigwira ndi sudo ss -ltnp | grep 8080. Kuti musamutsire Jenkins ku port ina, lembani sudo systemctl edit jenkins, muike mizere iwiri iyi:

[Service]
Environment="JENKINS_PORT=8081"

Sungani, kenako sudo systemctl restart jenkins.

Tsopano pa browser lembani http://localhost:8080, kapena IP ya sevayo m'malo mwa localhost ngati muli pakompyuta ina. Ngati munasintha port, ikani 8081 paliponse pamene pali 8080. Tsamba likakana kutseguka pomwe service ikuyenda, n'kutheka kuti firewall yatseka khomo. Lembani sudo ufw allow 8080 kuti mulitsegule. Ngati sevayo ili pa intaneti, lolani IP yanu yokha, chifukwa amene walowa mu Jenkins akhoza kuyendetsa malamulo pamakinawo.

Tsamba loyamba likupemphani password. Ili apa:

sudo cat /var/lib/jenkins/secrets/initialAdminPassword

Ndi zilembo ndi manambala 32 osakanikirana. Ikopereni yonse, muiike patsambalo, musankhe Install suggested plugins, mudikire pang'ono, kenako mupange akaunti yanu ya admin.

Chomaliza chimene chimasokoneza ambiri: Jenkins imayenda ngati user wotchedwa jenkins, osati inu. Build ikalephera ndi Permission denied pomwe lamulo lomwelo limayenda mukalilemba nokha, ndiye kuti kiyi yanu ya SSH kapena foda yanu user ameneyu sangaifikire. Ikani kiyiyo mu Manage Jenkins, pagawo la Credentials, muyesenso Build Now.