Momwe mungakonzere foni ya agogo kuti iziwakumbutsa mankhwala a BP ndi shuga

COVID-19 itafika m'Malawi mu April 2020, okalamba odwala BP ndi shuga ndiwo anali pachiopsezo chachikulu, ndipo mzere wa kuchipatala unasanduka malo oopsa kwa iwo. Pa nthawi ya mliri foni imatha kuchepetsa maulendo otere, bola mdzukulu aikonze bwino.

Yambani ndi buku la kuchipatala. Jambulani tsamba limene adokotala analembapo mankhwala, kenako lowetsani dzina, mlingo ndi nthawi ya mankhwala aliwonse mu app yokumbutsa, monga Medisafe ya pa Play Store. Vuto lake ilibe Chichewa. Ngati agogo sawerenga Chingerezi musavutike nayo: alamu ya mu Clock imakwanira, mungoilemba kuti "kapilitsi koyera, kamodzi".

Nthawi muisankhe moganizira mankhwalawo. Mankhwala a BP otchedwa HCTZ amakodzetsa, choncho alamu yake ikhale ya m'mawa, apo ayi agogo azidzuka usiku wonse ndipo mumdima akhoza kugwa. Metformin, mankhwala a shuga, amamwera pa chakudya kuti asatsegule m'mimba, ndiye alamu igwirizane ndi nthawi ya phala kapena nsima.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mafoni ngati Tecno ndi itel amatseka okha ma app pofuna kusunga batire, chikumbutso n'kungokhala chete. Lowani mu Settings, pezani app ija, muilole kugwira ntchito nthawi zonse. Kenako tcherani alamu yoyesera ya mphindi 2 zikubwerazi, muone ngati agogo akuimva ali panja.

Foni siyeza BP. Ma app amene amati ikani chala pa kamera musawakhulupirire. Pamafunika makina omanga pamkono, pamwamba pa chigongono. Agogo akhale pansi mphindi 5, asanamwe tiyi, muyeze kawiri motalikitsa mphindi imodzi. Jambulani manambalawo n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la banja; tsiku la kiliniki adokotala adzaona mmene zakhala zikuyendera.

BP ikamapitirira 140/90 masiku angapo, imbani 929, nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, yomwe ndi yaulere. Ikafika 180/120, makamaka pamodzi ndi mutu waukulu, kupweteka pachifuwa, kupindika kamwa kapena kufooka mbali imodzi, pitani nawo kuchipatala pompopompo.

Shuga akatsika pansi pa 70 mg/dL pa makina oyezera shuga, kapena 3.9 mmol/L pa makina ena, agogo amanjenjemera ndi kutuluka thukuta. Zimachitika kawirikawiri kwa amene amwa mankhwala a shuga otchedwa glibenclamide koma osadya. Sungunulani masupuni aang'ono 4 a shuga m'madzi amwe, muyezenso pakatha mphindi 15. Akakomoka musawamwetse kanthu.

Chomaliza, tcherani alamu ina yolira kutatsala sabata imodzi kuti mankhwala athe, kuti mupeze nthawi yofunsa kuchipatala ngati wachibale angakawatengere ndi buku lawo.