Mmene Anthu a M'dera Angalimbikitsire Kuyenda pa Njinga ndi pa Basi

Anthu ambiri amene amapita kuntchito pa galimoto yawoyawo sadana ndi njinga kapena basi. Chimene chimawaletsa ndi kuopa ngozi pamsewu ndiponso kusadziwa nthawi imene basi ifike. Choncho gulu lofuna kusintha kayendedwe ka anthu m'dera lawo lisataye nthawi yambiri polalikira za ubwino wopalasa njinga, pakuti mayi amene akuopa kuti mwana wake agundidwa pamphambano sangasinthe maganizo chifukwa chongouzidwa kuti kupalasa kumalimbitsa thupi. Ntchito yeniyeni ndiyo kupempha akuluakulu oyang'anira misewu kuti akonze chinthu chimodzi chodziwika bwino, pamalo odziwika bwino, kenaka n'kumawakumbutsa mosatopa mpaka chitachitika.

Yambani ndi msewu umodzi. Pempho lakuti mzinda wonse ukhale wabwino kwa opalasa njinga aliyense amaligwirizana nalo, ndipo palibe amene amalichitapo kanthu. Koma mukanena kuti pakati pa sukulu ndi msika pakufunika kanjira ka njinga kotchingidwa, kapena kuti pasiteji yakutiyakuti pamangidwe denga ndi pomangirira njinga, ndiye kuti mwapereka chinthu chimene injiniya angachiyeze, wazachuma angachiwerengere mtengo, ndipo khansala angachivomere kapena kuchikana pamaso pa anthu.

Mukasankha msewuwo, sonkhanitsani umboni nokha, ndipo apa mpofunika kudekha. Anthu awiri aime pamphambano m'mawa nthawi imene anthu akupita kuntchito ndi kusukulu, wina aziwerenga njinga ndi oyenda pansi, wina magalimoto ndi mabasi, aliyense ali ndi kope ndi cholembera, akumalemba kamzere pa chilichonse chodutsa kwa ola lathunthu. Bwerezani masiku angapo, madzulo ndi tsiku la mvula lomwe. Lembani padera chiwerengero cha amayi, ana ndi okalamba opalasa, chifukwa kumene iwo sakuoneka ndiye kuti msewuwo ndi woopsa, ngakhale anyamata olimba mtima atamadutsapo ambiri. Wina akhale pasiteji ndi wotchi, azilemba mphindi zimene zikudutsa kuchokera pamene basi yanyamuka kufikira pamene ina yafika. Jambulaninso zithunzi za dzenje la m'mphepete mwa phula limene limakakamiza wopalasa kukhotera pakati pa msewu, komanso za magalimoto oimikidwa pamalo oyenda anthu. Pepala limodzi lokhala ndi manambala oterewa limamveka kuposa madandaulo a ola lonse.

Kenaka fufuzani mwini msewuwo. Misewu ina imakhala m'manja mwa khonsolo, ina m'manja mwa boma lalikulu, ndipo mabasi kawirikawiri amayang'aniridwa ndi nthambi ina kapena ndi eni ake a bizinesi. Dziwaninso mwezi umene bajeti imakonzedwa, chifukwa pempho lofika bajeti itadutsa kale limadikira chaka chathunthu.

Gulu lanu lisakhale la okonda njinga okhaokha. Ku Netherlands, dziko limene lero limatchuka ndi njinga, anthu oposa 3,000 anafa pa ngozi za pamsewu m'chaka cha 1971, ndipo oposa 400 mwa iwo anali ana. Gulu la Stop de Kindermoord (kutanthauza kuti "Lekani kupha ana") limene linadzuka zitatero linamveka chifukwa munali makolo olira ana awo, osati anthu amasewera. Choncho itanani makolo, aphunzitsi, anamwino, anthu aulumali ndi eni mashopu. Eni mashopu amadandaula kuti makasitomala awo asowa poimika magalimoto, ndipo njira yabwino yowayankhira ndiyo kuwapempha kuti kwa mlungu umodzi azifunsa aliyense wolowa m'shopu kuti wabwera pa chiyani. Oyendetsa maminibasi ndi ena onse amene amadya za pamsewu omwewo musawasiye kunja, pakuti munthu sangaombere m'manja chinthu chomulanda chakudya pakamwa. Ku Johannesburg mabasi a Rea Vaya atayamba mu 2009 anatsutsidwa kwambiri ndi ena mwa eni mataxi (maminibasi a kumeneko), ndipo mbali ya yankho inali yakuti eni mataxi okhudzidwawo akhale ndi masheya m'kampani yoyendetsa mabasiwo.

Pa zopempha zenizenizo, musakhutire ndi penti. Mzere woyera wopakidwa paphula suletsa dalaivala kuimika galimoto pomwepo, pamene mpanda wa konkire kapena timitengo tozikidwa m'mphepete timateteza wopalasa. Kanjira ka njingako kalumikizenso malo amene anthu amapitako, chifukwa kanjira kongothera pamphambano yoopsa palibe kholo lingalole mwana wake kukagwiritsa ntchito. Mzinda wa Seville ku Spain, kuyambira mu 2006, unamanga tinjira totchingidwa tolumikizana m'zaka zochepa chabe, ndipo opalasa anachuluka kowirikiza kangapo. M'misewu ing'onoing'ono momwe anthu ndi magalimoto amasakanikirana, pemphani kuti liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola, monga momwe nduna za maiko osiyanasiyana zinalimbikitsira pamsonkhano wa ku Stockholm mu 2020. Kumbali ya basi, chofunika koposa ndi chakuti izibwera pafupipafupi ndiponso isamatsekeredwe mumdipiti wa magalimoto. Ichi ndicho chifukwa chake mzinda wa Curitiba ku Brazil unapatsa mabasi njira yawoyawo mu 1974, ndipo Bogotá ku Colombia mu 2000 ndi Dar es Salaam mu 2016 anachitanso chimodzimodzi. Dera laling'ono silingayambe ndi ntchito yaikulu chotero, koma likhoza kupempha malo otetezeka osungirapo njinga pasiteji, kuti munthu wokhala kutali apalase mpaka pamenepo n'kukwera basi.

Akuluakulu akamazengereza, apempheni kuti ayese kaye kwa kanthawi. Kutseka msewu umodzi Lamlungu m'mawa, kapena kuika migolo ndi zikwangwani kwa mwezi umodzi, sikudya ndalama zambiri, ndipo zikakanika n'zosavuta kuchotsa. Ciclovía ya ku Bogotá, mwambo wotseka misewu kuti mudutse opalasa njinga ndi oyenda pansi okha, inayambitsidwa mu 1974 ndi anthu wamba okonda njinga, koma lero misewu yotalika makilomita oposa 100 imatsekedwa kwa magalimoto Lamlungu lililonse. Masiku monga 3 June, lomwe bungwe la United Nations linalikhazikitsa mu 2018 kukhala tsiku la njinga, ndi 22 September, tsiku losayenda pa galimoto, amathandiza kupeza chilolezo komanso kukopa atolankhani.

Pamsonkhano wa khonsolo pitani ambiri koma olankhula akhale ochepa, ndipo woyamba akhale munthu amene amadutsa pamsewuwo tsiku ndi tsiku. Musatuluke musanadziwe dzina la ofesala amene wapatsidwa ntchitoyo ndi tsiku limene adzayankhe, ndipo mawa lake mutumizireni kalata yobwereza zimene mwagwirizana. Ntchitoyo ikatha, bwererani pamphambano pomwe paja ndi kope, nthawi yomweyo ya m'mawa, muwerengenso, chifukwa manambala atsopanowo ndi amene mudzanyamule popempha msewu wachiwiri.