Momwe mungalondolere mitsempha yolawira pa lilime la mwana wa mbewa wosabadwa

Lilime silidikira mitsempha kuti liyambe kukonza malo olawira. Mwa mbewa, timadontho ta maselo okhuthala, tomwe tidzasanduke timatuza tolawira, timayamba kuoneka kutsogolo kwa lilime cha pa tsiku la 13 la bere. Timadonthoti timatulutsa puloteni yotchedwa BDNF, ndipo nsonga za mtsempha wolawira wotchedwa chorda tympani zimailondola mpaka kulowamo cha pa tsiku la 14.5. Ulendo wonsewu mungauone ndi DiI, utoto wowala womwe umayenda motsatira mtsempha.

Musanagwire mbewa, pezani chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku wa nyama. Kenako werengani masiku bwino. M'mawa umene mwapeza kachotsekera koyera kumaliseche kwa mbewa yaikazi, chizindikiro chakuti yakweredwa, lembani kuti ndi tsiku 0.5. Mukaphonya ndi tsiku limodzi lokha, zimene mudzaone zidzakusokonezani. Tengani ana a masiku 13.5, 14.5 ndi 16.5 kuti mudzayerekeze, ndipo mitu yawo igone mufiriji mu paraformaldehyde wa 4%, mankhwala olimbitsa minofu kuti isaole.

Ntchito yovuta ili apa. Pa maikulosikopu, chotsani ubongo ndipo funani geniculate ganglion, kamulu ka maselo kokhala pafupi ndi khutu lamkati, komwe chorda tympani amachokera. Pambali pake pali trigeminal ganglion, yaikulu kwambiri. Ichotseni. Nayo imatumiza mtsempha ku timatuza tomweto, koma wake ndi womva kukhudza, kutentha ndi ululu. Utoto ukangoidonthera, lilime lidzawala lonse ndipo simudzasiyanitsa mitsempha iwiriyi. Pukutani pa geniculate ganglion ndi kansonga ka tishu, chifukwa ponyowa utoto umatsetsereka, ndiye ikani kachibenthu kamodzi ka DiI ndi singano yopyapyala. Kamodzi basi.

Bwezerani mituyo m'mankhwala aja, muisunge pamdima pa 37°C kwa masabata angapo. DiI amayenda pang'onopang'ono m'mafuta a khungu la mtsempha, choncho mwana wokulirapo amafuna nthawi yotalikirapo. Mukafulumira kudula, mudzaganiza kuti mtsempha sunafike, pamene ndi utoto umene sunafike.

Dulani lilime ndi vibratome, makina odulira ndi lumo lonjenjemera, tizidutswa ta ma micrometer 50 mpaka 100. Pewani alcohol, paraffin ndi sopo ngati Triton X-100, poti zonsezi zimasungunula mafuta n'kutsuka utotowo. Onani pa maikulosikopu ya fluorescence, yomwe imaonetsa utoto wowala, pa fyuluta yofiira.

Pa tsiku la 13.5 timitsempha timakhala titamwazikana pansi pa khungu la lilime. Pofika 14.5 timayamba kuboola m'timadontho tija, ndipo pa 16.5 pafupifupi katuza kalikonse kamakhala ndi mtolo wake. Mwa mbewa zochotsedwa jini ya BDNF, mitsempha imafikabe m'lilime, koma imangopanga nthambi zambirimbiri pansi pa khungu, n'kumaphonya timadontho tija.