Momwe mungakonzere ulendo wa panjinga wa ongoyamba kumene m'malo a mitengo a mu Lilongwe

Anthu ambiri a mu Lilongwe amaona njinga ngati chida cha akabaza ndi ogulitsa makala, ndipo ena amene anaphunzira kupalasa ali ana kumudzi atha zaka zambiri osakweranso. Komatu mzindawu, umene unakhala likulu la dziko mu 1975, unamangidwa mosiya mipata ikuluikulu ya mitengo pakati pa madera ake, makamaka kuzungulira City Centre, Capital Hill ndi m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Malo amenewa ndi oyenera gulu laling'ono lofuna kupalasa mwachifatse, malinga ngati wokonza ulendo wakonza zonse poganizira munthu wofooka kwambiri pagulupo.

Gawo loyamba: sankhani njira ndipo muiyese nokha

Kwa anthu oyamba kumene, makilomita 8 mpaka 10 ndi okwanira. Mungathe kukumana pafupi ndi nyumba ya malamulo, kudutsa pa chiliza cha Dr Hastings Kamuzu Banda, kulowera ku Botanic Garden, kenako n'kukafika pa chipilala chokumbukira asilikali ku Area 18 musanabwerere. Ngati mukufuna kuphatikizapo nkhalango ya Lilongwe Wildlife Centre, ndi bwino kuisiyira tsiku lake.

Musatenge anthu kupita nawo njira imene mwangoiona pa mapu a pafoni. Ipalaseni nokha masiku angapo ulendo usanachitike, pa ola lomwelo limene mudzanyamuke, ndipo muone pamene pali zitunda, mchenga, minga ndi ngalande zosavindikira. Pa geti la malo alionse funsani oyang'anira ngati amalola njinga, tinjira timene amalola, nthawi yotsegulira ndi ndalama zolowera. Pamene salola kupalasa, gulu likhoza kutsika n'kumakankha njinga, kapena kuzisiya ndi munthu mmodzi woziyang'anira.

Gawo lachiwiri: tsiku ndi nthawi

Loweruka m'mamawa ndi nthawi yabwino chifukwa maofesi a boma ku Capital Hill amakhala otseka ndipo magalimoto amachepa. Nyamukani cha m'ma 6:30 kuti pofika 9 koloko mukhale mutamaliza, midipiti ya magalimoto a ukwati isanayambe. Miyezi ya May mpaka August ndi yozizira komanso youma, pomwe October amatentha kwambiri, ndipo m'nyengo ya dzinja tinjira tafumbi timaterera.

Gawo lachitatu: onani njinga iliyonse musananyamuke

Apa m'pamene maulendo ambiri amasokonekera, chifukwa oyamba kumene nthawi zambiri amabwera ndi njinga yobwereka kapena imene yakhala pakhonde chaka chonse. Patulani mphindi 15 zoonera njinga zonse. Dinani matayala ndi chala chachikulu. Ngati akubonyoka, popani. Gwirani buleki iliyonse payokha uku mukukankha njinga, ndipo ngati tayala likuyendabe, njingayo isanyamuke mpaka itakonzedwa. Gwedezani handulo ndi chishalo kuti muone ngati zamangidwa bwino, ndipo thirani oyilo pang'ono pa tcheni youma.

Kutalika kwa chishalo n'kofunika kuposa momwe ambiri amaganizira. Munthu akakhala pachishalo n'kuponda pedulo ndi chidendene pamene pedulo ili pansi penipeni, mwendo uyenera kuongoka. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa mawondo. Komabe, kwa munthu amene akadali ndi mantha, ine ndimaona kuti n'kwanzeru kuchitsitsa pang'ono kuti azitha kugunda pansi ndi zala za kumapazi akaima, ndipo mungadzachikweze akazolowera.

Wokonza ulendo atenge pampu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu wake, masipanala, komanso mabandeji. Aliyense akhale ndi botolo la madzi, chipewa chotetezera mutu ndi zovala zooneka patali. Chitenje, siketi yaitali kapena buluku lotakasuka zimakodwa mosavuta mu tcheni ndi m'masipoko, choncho zimangidwe bwino kapena m'malo mwake muvale zothina pang'ono kumiyendo.

Gawo lachinayi: gawanani maudindo

Gulu lisapitirire anthu 10. Munthu mmodzi wodziwa njira atsogole, wina wodziwa kukonza njinga akhale kumapeto kwenikweni, ndipo pakhale lamulo lakuti palibe wopitirira wotsogolera komanso palibe wotsalira kumbuyo kwa wotsekera. Awiriwa apatsane manambala a foni. Liwiro loyenera ndi lakuti anthu azitha kulankhula popanda kupuma mwawefuwefu, pafupifupi makilomita 10 mpaka 12 pa ola. Wotsogolera amene sacheuka ndiye amabalalitsa gulu, ngakhale atakhala katswiri wotani.

Musananyamuke, phunzitsani zizindikiro zochepa: kutambasula dzanja lamanja kapena lamanzere posonyeza kokhotera, kukweza dzanja posonyeza kuima, ndi kuloza pansi pochenjeza za dzenje. Amene sangathe kugwira handulo ndi dzanja limodzi angofuula. Akumbutseninso kuti azigwira mabuleki onse awiri pamodzi mwapang'onopang'ono, popeza kufinya yakutsogolo yokha mwadzidzidzi kumaponya munthu kutsogolo.

Gawo lachisanu: pamsewu ndi m'kati mwa paki

Pamsewu wa magalimoto yendani kumanzere, pamzere umodzi, ndipo pakati pa njinga ziwiri pazikhala mpata wokwana njinga zina ziwiri. Ma roundabout, amene ndi ochuluka mu Lilongwe, ndiwo malo ovuta kwambiri kwa wophunzira, chifukwa ayenera kuyang'ana magalimoto ochokera kumanja uku akusunga njinga kuti isagwe. Palibe chochititsa manyazi kuti gulu lonse litsike, liwoloke wapansi pamalo otetezeka, kenako likwerenso.

M'kati mwa paki oyenda pansi ndiwo oyamba. Lizani belu mudakali patali, chepetsani liwiro pafupi ndi ana, ndipo musaponde kapinga kapena maluwa. Kumene kuli apusi musawapatse chakudya. Pumulani pamthunzi pakatha mphindi 20 zilizonse komanso pamwamba pa chitunda chilichonse, ndipo mphindi zopumulazo muziziwerenga kuyambira pamene womaliza wafika, chifukwa chizolowezi chonyamuka iye akangotulukira chimamana mpumulo munthu yemwe akuufunitsitsa.

Gawo lomaliza

Mukabwerera pamene munayambira, werengani anthu, ndipo funsani aliyense pamene anavutika. Amene akumva kupweteka m'mawondo aonetse chishalo chake nthawi yomweyo. Gwirizanani tsiku la ulendo wotsatira musanabalalike, ndipo ngati onse amaliza bwino, onjezerani makilomita awiri okha pa njira yomweyo.